Njoka Yogulira Maloto

Kang Kasiran ankapha nkhuku ngati mmene mayi amathyolera ndiwo kudimba. Dzanja m'khola, mapiko gwi, phazi pamiyendo, chala chachikulu n'kukankhira mutu kumbuyo kuti khosi litambasuke, dzina la Mulungu chapansipansi, kenako mpeni tcha! Magazi ankathovokera pakhoma lomwe linaiwala kalekale mtundu wa penti yake. Nkhukuyo ankaiponya mumgolo kuti ikaphuphire m'menemo, ikugunda m'mbali gu, gu, gu, iye dzanja lili kale pa inzake. Kuseri kwa msika wathu kuno mumzinda wa Solo, kumene ngalande imayenda yofiira mpaka dzuwa litakwera, ndi kumene anamerera ndevu, ndipo imvi zinam'peza komweko asanakwatire.

Amati tsoka silinunkha, koma la Kasiran linkanunkha. Nthenga zonyowa, matumbo, magazi ogona. Amphaka a mumsika ankamuperekeza mpaka pakhomo ngati wolemekezeka. Kumzikiti, ngakhale tsiku Lachisanu anthu atathithikana, iye ankapemphera motakasuka, malo kumanja, malo kumanzere. Kusamba ankasamba ndithu, tisamunamizire, koma madzi okha. Sopo ankadana naye. Ankati sopo amatereretsa dzanja, ndipo dzanja loterera ndi mpeni sizigwirizana.

China chimene ankadana nacho ndi bodza. Ankati wozinga nyama akanama kamodzi, mzinda wonse wadya chofa chokha. Nkhuku ikafera m'khola, ankakuuzani yekha musanafunse. Ndi munthu amene mukamufunsa ngati malaya anu atsopano akukukhalani, mumapita kunyumba kukavula.

Ndiye panali Yu Warsini, namfedwa wogulitsa soto pakhomo la msika, msuzi uja wa nkhuku umene umadzutsa ngakhale wodwala malungo. Mayi wa mikono yake, lilime lakuthwa kuposa mpeni wa Kasiran. M'mawa uliwonse ankabwera kudzatenga nkhuku zake, ndipo m'mawa uliwonse Kasiran ankamusankhira zonenepa, n'kuwonjezerapo ziwindi ndi nthutumba osanena kanthu. Msika wonse unkadziwa tanthauzo la nthutumbazo. Mwini wake yekha ndiye pakamwa panali pomata.

Tsono kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti ukalota njoka ikukuluma, ukwati uli pakhomo. Amuna amanyazi amapulumukira pomwepo. Umangopita kwa mkaziyo, n'kunena ngati ukukamba za mvula kuti walota njoka itakuluma, kenako n'kuyang'ana nkhope yake. Akaseka chogwetsa maso, katengeni amalume. Mawu ake ndi ochepa, njira yake ndi yaifupi. Koma Kasiran sakananena, chifukwa anali asanalotepo.

Amene ankalota ndi Mas Harjito, wa kabaza wa njinga yamoto, watsitsi lonyezimira mafuta, amene fungo lake la pafyumu linkafika iye asanakhote pakona. M'mawa wina anatsatira Warsini mpaka kophera nkhuku, atatsina mphuno.

“Yu, yandilumanso usiku wathawu,” anatero Harjito. “Apa, pantchafu.”

“Njoka zimenezi zakukondani bwanji, Mas? Mwayang'ana bwino pamatiresi? Mwina ndi nsikidzi.”

Amayi osankha nkhuku anaseka. Warsini anatembenukira kwa Kasiran, yemwe anali ataweramira khola ngati muli nkhani yofunika.

“Nanga inu, Kang, mumalota chiyani?”

“Nkhuku, Yu.”

“Zamoyo kapena zakufa?”

“Zopanda mitu. Zimandithamangitsa.”

“Basi? Palibe kanthu kena kokwawa?”

“Palibe, Yu.”

Warsini anapumira m'mwamba. Harjito anaona mpata.

“Idi ikangokwana ndikubwera ndi amalume, Yu. Ndanena pagulu.”

“Bwerani. Yankho langa mudzalimva pa Idi pomwepo,” anatero Warsini, akunyamula dengu. “Mwina pofika tsikulo wina adzakhala atalota china chanzeru.”

Akanangochoka, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Harjito pakamwa pankamuyabwa.

“Njoka yanji ingalume chinthu chonunkha chonchi? Ingasanze mwezi wathunthu.”

Kasiran anali ndi tambala wososoledwa kale m'manja, wonyowa, wolemera. Anam'gwira miyendo n'kumuwomba naye Harjito pankhope, phwa! Mphuno inaphulika. Harjito anakweza chisoti chake cha njinga n'kumugogoda nacho Kasiran pamutu, go! Anagwera limodzi m'ngalande yofiira ija, kukanyana makosi, kumenyana zigongono, mpaka zinali zosadziwika kuti magazi a munthu ndi ati, a nkhuku ndi ati. Anawalekanitsa ndi ndowa ya madzi ososolera nthenga, ofunda bwino. Harjito anachoka dzino likugwedera. Kasiran anachoka ndi chotupa pachipumi komanso ganizo.

Ganizo lake linali lowongoka ngati mwini wake. Munthu amalota zimene amaona. Iye amaona nkhuku, nalota nkhuku. Ndiye akamagona pafupi ndi njoka, adzalota chiyani?

Lamlungu lotsatira anakwera basi kupita kumsika wa mbalame. Anadutsa mizere ya mbalame zoimba, anadutsa ogulitsa nkhululu ndi mphutsi, mpaka kumapeto kumene kuli mabokosi a galasi. Mwini malowo anali Pak Mukri, bambo wowonda, mikono yodzaza timabala toyera tondandana ngati anasokedwa ndi makina.

“Yoyamba?” anafunsa Mukri.

“Yoyamba, Pak.”

Mukri anatulutsa kansato kochokera kunja, kakafupi ngati lamba. Kanangodzipinda m'dzanja lake ngati mpira, mutu n'kubisa pakati.

“Ya oyamba kumene ndi iyi. Siluma. Ukaigwira imachita manyazi.”

“Wamanyazi m'nyumba mwanga alimo kale, Pak. Ndikufuna yoluma.”

Mukri anamuyang'ana, natchula mtengo wa kamanyazi kaja, mwina pofuna kuona ngati munthuyo ali bwinobwino. Kasiran anakhosomola. Ndalama imeneyo ungagule theka la njinga ya Harjito.

Kenako maso ake anagwera pa bokosi lalikulu lapansi. Munali nsato ya kwathu konkuno, yamawangamawanga ngati nsalu ya batiki, yonenepa ngati ntchafu ya mnyamata, yoti itatambasuka ingapose anthu awiri ogona molumikizana.

“Nanga iyo?”

“Iyo mtengo wake ndi wa nsapato.”

“Yaikulu chonchi?”

“N'chifukwa chake. Njoka yaikulu sitigulitsa, Kang, timangoisamutsa. Mwini wake anaibweza, mkazi wake anati asankhepo. Tamverani, kugula njoka si mtengo wake wa njoka. Mtengo umabwera m'mbuyo. Pafunika bokosi la galasi lokhala ndi loko, osati kachingwe. Pafunika babu woifunditsa nyengo ya mvula. Ikadwala m'kamwa, dokotala wake ndi wodula kuposa wa anthu. Ndipo imakhalitsa, Kang. Maukwati ambiri amatha iyo ikadali mtsikana.”

“Imadya kangati?”

“Nkhuku imodzi pa sabata. Ikhoza kukhala mwezi osadya, koma musayese dala. Musaigwire muli nokha. Ikakulumani musakoke, mano ake anapindikira m'kati ngati mbedza, mukakoka mumasiya nyama. Mumakankhira mutu kutsogolo.”

Apa Mukri anakweza mphuno m'mwamba. Ananunkhiza. Anasendera pafupi nanunkhizanso. M'bokosi muja nsato inali itadzutsa mutu, lilime lakalaka, ikutsatira Kasiran kulikonse kumene wasunthira.

“Mumagwira ntchito yanji, Kang?”

“Ndimazinga nkhuku.”

“Ndiye kwa inu chodula kwambiri pa njoka iyi ndi sopo. Njoka sidziwa nkhope, imadziwa fungo. Kwa iyo inu ndinu tambala wamkulu wovala malaya. Muzisamba ndi sopo mpaka m'zigongono musanaiyandikire. Mwamva?”

“Ndamva, Pak. Koma taonani mmene ikundiyang'anira. Yandikonda.”

Pa mawu onse a Mukri, Kasiran anatolapo awiri: kuti ndi yotchipa, ndi kuti ikhoza kukhala mwezi osadya. Anainyamula m'thumba la ufa. Za galasi anaona kuti ndi zachibwana pamene makola a nsungwi ali mbwee kuntchito. Anasankha lolimba, analuka mawaya m'mipata, chitseko anamanga ndi waya, pamwamba n'kusanjika mwala. Analiika pambali pa mphasa yake, kumutu, kuti maloto asavutike ndi ulendo. Anaitcha Melati, dzina la maluwa oyera aja amene akwati amavala m'tsitsi. Chifukwa choigulira sanauze munthu. Ngakhale iye ankadziwa kuti amayi a mumsika akamva, adzaseka mpaka kugwetsa matebulo.

Tsiku loyamba kuidyetsa anaponyamo nkhuku yamoyo. Sanaone n'komwe mmene mutu unachokera. Anangomva kwe! kamodzi, nthenga zili m'mwamba, nkhuku yakulungidwa kale. Kenako panalibe phokoso. Nkhuku ikatulutsa mpweya, Melati ankamanga. Ikatulutsanso, ankamanganso. Maso a nkhuku anatuzuka, mlomo yasa, miyendo ikupalasa pang'onopang'ono mpaka zii. Kasiran, munthu amene wapha nkhuku zokwana kudzaza bwalo la mpira, anatuluka panja kukalavula. Iye imfa ankaidziwa yachangu, ya mpeni ndi dzina la Mulungu. Kuyambira tsikulo ankayamba wazinga yekha, n'kumupatsa Melati yofa kale, ndi dzanja lomwelo lamagazi.

Ntchito yake inkatha dzuwa lili pamutu, choncho tulo take tenitweni tinali ta masana. Asanagone ankaiyang'anitsitsa Melati, kuwerenga mawanga, kuiuza kuti ilowe m'mutu mwake osachita mantha. Akatseka maso, nkhuku zopanda mitu zija n'kufika zonse, zikuthamanga.

Vuto la munthu wosanama ndi lakuti amayankha chimene wafunsidwa. Anapita kukagula babu kwa Mbok Jumilah, amene nkhani ikalowa m'khutu lake m'mawa, pofika masana imakhala yakwera basi.

“Babu wa chiyani, Kang? Inu mumagona ndi nkhuku.”

“Melati sakonda kuzizira, Mbok.”

“Melati?”

“Ali kunyumba.”

“Ooo! Ndiye amatani kunyumbako?”

“Amangogona. Dzulo wavula zonse, n'kusiya pansi pomwepo. Ndatola ndine.”

Mbok Jumilah anatseka shopu nthawi isanakwane. Pofika m'mawa mwake Melati anali ndi zaka, mudzi wochokera, ndi mwamuna amene anamuthawa ku Wonogiri. Ena anamuona pazenera. Wina anati ndi woyera, waulesi, amadya nkhuku yathunthu yekha, ndipo apa pokha sananame.

Warsini anabwera kudzatenga nkhuku zake nkhope ili gwa. Nthutumba zowonjezera zija anazichotsa m'dengu n'kuziika patebulo.

“Izi kapatseni a Melati.”

“Sadya zoduladula, Yu. Amafuna yathunthu.”

“Mukawapatse moni.”

“Ndikawauza, Yu, kungoti sayankhula.”

“Ndiye akazi amene mumafuna amenewo,” anatero Warsini, n'kuchoka. Madzulo ake anthu anamuona pambuyo pa njinga ya Harjito, atagwira malaya.

Kasiran mtima unamupweteka, koma anadzilimbitsa. Maloto akangobwera, zonse adzalongosola. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma iyi inkati ikadali ndi nthawi.

Mwezi wosala utayamba, Kasiran anakumbukira mawu a Mukri. Anakhala pamphasa n'kuiuza Melati mwaulemu kuti m'nyumba muno aliyense amasala. Iye azimasula dzuwa likalowa, koma Melati, poti Mulungu anamupatsa mphatso yopirira, adzamasula pa Idi. Anaona kuti zingathandizenso: njoka yokhuta imangogona, yanjala mwina ingayendeyende mpaka kulowa m'maloto. Ndipo inayambadi kuyendayenda. Inkakhula mphuno pamawaya, kukankha chitseko, kuimirira mpaka mwala uja kugwedezeka. Kasiran ankati ikupemphera.

Tsiku loti mawa ndi Idi, aliyense mumzinda amafuna nkhuku. Kasiran anazinga mpaka mkono unachita dzanzi. Magazi anauma pamikono, ena n'kubwera pamwamba, n'kuumanso. Nthenga zinamatirira m'tsitsi ndi m'makutu. Pakhosi pouma, m'mimba muli pululu, ndipo mumtima mukulira chinthu chimodzi: mawa Harjito akubwera ndi amalume, iye maloto alibe. Masana atafika kunyumba anayang'ana ndowa ya madzi, anayang'ana mphasa. Mphasa inapambana. Anagona chagada, dzanja lamanja litatsamira khola.

Nkhuku zopanda mitu zinabwera monga mwa masiku onse. Imodzi inam'peza, n'kumugwira mkono. Anadabwa m'tulo momwemo kuti nkhuku yopanda mutu ikuluma ndi chiyani.

Anadzidzimuka. Chitseko cha khola chinali pansi, waya atawongoka. Kamwa la Melati linali litaphimba mkono wake kuyambira pachikhatho, mano onse m'kati, ndipo asanakuwe thupi lija linam'gubuduza. Chizingo choyamba chinamanga mkono, chachiwiri chinadutsa pachifuwa n'kupanikiza mkonowo kunthiti, chachitatu chinakwera paphewa kufuna khosi. Anagwera pakhola, nsungwi n'kuthyoka phwatha, babu n'kusweka. Anayesa kuimirira, anagwanso. Anakuwa kamodzi, ndipo kukuwako kunali kulakwitsa, chifukwa mpweya utatuluka Melati anamanga. Anakumbukira nkhuku ija. Anakumbukira maso ake.

Mipeni yake inali patebulo, pafupi ndithu. Dzanja lamanzere linali lomasuka. Analitambasula, zala zinakhudza chigwiriro, n'kubwerera. Kaya ndi mphamvu zinatha, kaya ndi chisoni, mpaka lero sanena bwino. Mwini wake amati sakanazinga chinthu chimene wasala nacho mwezi wathunthu.

M'makutu mukulira ngati mawaya a magetsi, anamva njinga ikuima panja, kenako mawu amene ankawadziwa.

“Odi kuno! A Melati, tatulukani tikuoneni! Mawa ndikuyankha anthu, ndiye ndati ndione kaye nkhope imene ikudya nkhuku zathunthu!”

Anali Warsini. Harjito anamubweretsa yekha, mokondwa, kuti adzadzionere.

“Akuchita manyazi, Yu,” anatero Harjito. “Mwina avulanso.”

Kasiran anamenyetsa chidendene pachitseko cha nyumba. Chitseko chinatseguka, kuwala kunalowa, ndipo panadutsa kanthawi palibe wopuma, poyambira iye mwini.

“Mayo ine! Ndi ameneyu Melati?” anakuwa Warsini. “Mas, thandizani! Mwaimiranji?”

Harjito, kunena chilungamo, sanathawe nthawi yomweyo. Anatola nsungwi yochirikizira zovala n'kuyamba kumenya. Yoyamba inagwera njoka. Yachiwiri inagwera Kasiran m'nthiti, kho! Yachitatu pabondo. Yachinayi pachipumi, pomwe panali potupa kale.

“Pepani, Kang, yasuntha!” Kho! “Yasunthanso, Kang!”

Kusuntha kwa njokako sikunkaoneka, koma dzino lija linkabwezedwa ndithu. Melati pomva ululu anangomanga kwambiri. Kasiran anamva china chikuthyoka m'chifuwa ngati nkhuni youma.

“Mukumupha! Gwirani mutu!” anatero Warsini.

Harjito anaponya nsungwi, nagwira khosi la njoka ndi manja awiri, phazi n'kuponda paphewa la Kasiran, nakoka. Kasiran ankafuna kunena kuti asakoke, koma mawu amafuna mpweya. Nyama ya mkono inang'ambika ngati nsalu yakale, magazi n'kuthovokera kumaso kwa Harjito. Nthawi yomweyo mchira wa Melati, umene unkafufuza pogwira, unapeza mwendo wa Harjito n'kuzungulira bondo.

Munthu amene njoka inkamuluma m'tulo sabata ndi sabata analira ngati mbuzi. Anadumpha, anagwa, anakwawa, anasolola mwendo n'kusiya nsapato, natuluka ndi chitseko chomwe. Njinga inalira mpaka kumsewu waukulu.

Kasiran ankaona zinthu ngati ali pansi pa madzi. Anaona Warsini akumanga nsalu yake m'chiuno. Anamuona akusankha mpeni patebulo, osati waung'ono wozingira, koma chikwanje chodulira mafupa. Anamuona akugwada, bondo n'kupanikiza khosi la njoka pansi pamodzi ndi mkono wake womwe.

“Musa… muphe…” anatero Kasiran ndi kampweya kotsala.

“Khalani chete, chitsiru inu.”

Anatema kumbuyo kwa mutu. Khungu linakana, chikwanje chinaterera n'kumudula Kasiran pachigongono. Anatemanso. Kachitatu fupa linalira, ndipo anayamba kucheka ngati akudula ntchafu ya ng'ombe, mano ali gwa, magazi akuda akumuthira m'manja ndi pachifuwa. Thupi lija linamanga komaliza, mwamphamvu moti Kasiran anaona mdima, kenako linamasuka n'kuyamba kudzimenyetsa lokha m'nyumba monse. Linagwetsa tebulo, linaswa mbale, linakwapula Warsini pamsana mpaka anagwa chafufumimba. Linkaphupha lopanda mutu, ndendende nkhuku za mumgolo, kungoti mgolo wake unali nyumba.

Mutu wokha unatsalira pamkono, utaluma chilumire, maso ali tong'o.

“Kankhirani… kutsogolo,” anatero Kasiran. Anali mawu achitatu a Mukri, amene anabwera mochedwa.

Warsini analowetsa supuni m'kamwa, nakankha, natsegula, mano n'kutuluka limodzilimodzi. Anamanga mkonowo ndi mpango wake wakumutu, akutukwana mawu amene sitinkadziwa kuti amawadziwa, tsiku losala n'losala.

“Njoka! Munthu wamkulu ndi ndevu zake kugona ndi njoka! Ya chiyani?”

“Ndimafuna… ndilote, Yu.”

Warsini anasiya kumanga. Anamuyang'ana m'maso. Kenako anamanga mfundo yomaliza mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Kuchipatala anasoka mkonowo ngati thumba la mpunga. Zala ziwiri sizinabwererenso bwino, mpaka lero zimaloza kumene zikufuna. Nthiti zothyoka dokotala anati zina ndi za njoka, koma zina mphamvu yake inachokera kunja, ndipo anafunsa ngati wodwalayo anagundidwanso ndi galimoto.

Tsiku la Idi, m'malo moyendera abale, theka la msika linali pabedi la Kasiran kukangana. Mbok Jumilah, amene tsopano ankati iye ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndi njoka, anagamula kuti nkhaniyo ndi yosavuta: munthuyo inamuluma ali m'tulo, ndiye ndi maloto amenewo, ndiponso amphamvu kuposa wamba chifukwa asiya chipsera. Ambiri anavomera. Anamupempha Kasiran kuti angonena, mawu ake ndi ochepa. Warsini anali ataima kumiyendo kwa bedi, manja m'chiuno.

“Kang, pamene inkakulumani munkalota chiyani?”

Amayi onse anam'tsinzinira. Wina anamutsina chala chakuphazi.

“Nkhuku, Yu.”

Chipinda chonse chinabuula. Warsini anatola chikwama chake n'kutuluka osatsanzika.

Madzulo ake Harjito anafikadi kwa Warsini ndi amalume, atavala nsapato zatsopano pazifukwa zodziwika. Warsini anawalandira bwino, anawapatsa tiyi ndi makeke a Idi, kenako anatulutsa nsapato imodzi yamagazi n'kuiika pamkeka.

“Mas, inu njoka zakhala zikukulumani chaka chonse, koma chipsera sindinachionepo. Tengani nsapato yanu.”

Amalume anamaliza tiyi mwachangu.

Koma kukana Harjito sikunali kulola Kasiran. Warsini anauza Mbok Jumilah, kutanthauza kuti anauza mzinda, kuti iye sangadzifunsire yekha mbeta kwa mwamuna amene ali ndi pakamwa. Anadula kale njoka, asadulenso mawu.

Ndiye bala lija linatupa, thupi linatentha, ndipo Melati anabwera. Anabwera wamutu, anabwera wopanda mutu, anabwera mutu wokha ukukwawa pabulangete. Kasiran akangotseka maso, mano aja ali mumkono, chifuwa chikumangika. Ankadzuka akukuwa, thukuta lili chuchuchu, odwala anzake akumuponyera mapilo. Nesi atathamangira kudzaona, anam'peza misozi ili m'masaya, akuseka.

Atatuluka m'chipatala sanapite kunyumba. Anapita pakhomo la msika, mkono uli pansalu, akutsimphina mwendo umene Harjito anathandiza. Warsini ankaomola soto. Anthu odya anasiya masupuni m'mbale.

“Yu.”

“Mwachira?”

“Yu, ndalota njoka itandiluma.”

“Ndikudziwa. Chipatala chonse chikudziwa. Akuti ndi odwala ena anachira msanga pothawa phokoso.”

Sanaseke chogwetsa maso ngati mmene mwambo umafunira. Anaweramira pansi pa tebulo n'kutulutsa kaphukusi kamene kankaoneka kuti kakhalitsa pamenepo, pepala lake litachita mafuta. Anamuika m'dzanja lamanzere lija. Anali sopo, wamkulu ngati njerwa, wa fungo la maluwa a melati.

“Akatha ameneyu, katengeni amalume. Osati kumunyowetsa chabe, Kang. Athe.”

Akuti anatha sabata isanathe, ndipo khungu la Kasiran linasupuka ngati la malemu Melati.

Lero mukapita kuseri kwa msika mudzam'peza akuzinga ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono kuposa kale, sopo ali pambali pa mpeni. Amphaka anamusiya. Kumzikiti amapanikizika ngati wina aliyense, ndipo amadandaula. Pak Mukri akamuona amamufunsa ngati akufuna yachiwiri, ya manyazi ija, pamtengo wabwino, ndipo Kasiran amawoloka msewu.

Maloto okha ndi amene sanamve kuti ntchito yawo inatha. Oyandikana nawo nyumba amati masana ambiri, msika utaweruka, kumamveka kukuwa koopsa ngati munthu akuphedwa, kenako chigongono chikulira m'nthiti, kenako mawu a Yu Warsini:

“Iuzeni ibwerere, bambo inu. Munakwatira kale.”